Nkhokwe Yomata ya a Ngaka

Padangokhala! Amene muli nane muvomere kuti tili tonse, chifukwa nthano yopanda ovomera imazizira ngati phala la dzulo.

Padangokhala Ngaka, mwini ng'anjo yosungunulira chitsulo. Ng'anjoyo anaimanga agogo a agogo ake, ndipo makasu onse amene nyama zinkalimira m'dziko limenelo ankachokera m'mimba mwake. Inu a lero mumangotola khasu pagolosale, simudziwa kuopsa kwake kuona mwala ukulowa pamoto n'kutuluka uli chitsulo. Kale nyama zikamadutsa pafupi ndi ng'anjo zinkatsitsa mawu, ndipo wolumbira pa ng'anjo sankayerekeza kuswa lumbiro lake.

Ngaka anali ndi antchito anayi. Njiri ankakumba miyala ya chitsulo. Nungu ankaotcha makala. Nyani ankavukuta mivukuto, zikopa zija zouzira mphepo pamoto. Wachinayi anali Gologolo, mayi wa ana atatu, wapakamwa pakuthwa, amene ankasenza makasu kukasinthitsa ndi mapira m'midzi. Ndineneretu kuti mayi ameneyu sanali woyera m'manja. Khasu lililonse ankalisinthitsa ndi nsengwa zisanu za mapira, koma kwa Ngaka ankapereka zinayi, yachisanuyo n'kukaibisa m'phanga la mtengo kwawo.

Mapira onse ankalowa m'nkhokwe ya Ngaka, ndipo malipiro a antchito ankatuluka momwemo. Koma nkhokwe yake imeneyo! Anaimata kunja ndi m'kati, osasiya ngakhale kampata koti nyerere n'kusuzumira. Wokwera pamenepo anali iye yekha. M'mawa uliwonse ankaimenya ndi mchira wake wamamba, ndipo inkalira kuti gu! gu! kulira kolemera kwa nkhokwe yodzaza. Wina akafunsa kuti muli madengu angati, Ngaka ankangodzipinda ngati nkhata, mutu m'kati, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pa ntchito panali nyimbo imene Nyani ankatsogolera akamavukuta. Inkanena za nkhokwe ya pakati imene yatha zaka osabereka, ndipo enawo ankavomera pofunsa kuti mzamba wake adzachokera kuti. Ngaka akaimva ankamwetulira, kuyesa kuti akutama chuma chake. Sankadziwa kuti akumujeda iye ali pomwepo.

Chimene aliyense ankachiona koma osachikamba n'chakuti ng'anjo inali kudwala. Masiku a bambo ake a Ngaka, moto umodzi unkabala makasu makumi anayi. Tsopano ankavutika masiku anayi, usana ndi usiku, n'kutulutsa kachitsulo ka makasu asanu ndi atatu. Antchito sankadandaula. Ankati mwini wake ali ndi nkhokwe yodzaza, adzalira yekha.

Tsiku lina masana, anzake ali kung'anjo, Gologolo anati mumtima mwake, nsengwa imodziimodzi yandikwana, lero ndikatape kumene kuli gwero. Anakwawira pansi pa nkhokwe n'kuyamba kubowola ndi mano. Atabowola anatchera kathumba kuti mapira agweremo. Chimene chinagwa chinamuthira m'maso, ndipo atalawa anamva kuti ndi mchenga. Anadabwa, anakwera kudenga, anapatula udzu n'kulowa.

Mchenga unali thoo, pafupifupi kufika kukamwa kwa nkhokwe. Pamwamba pake panali madengu asanu ndi limodzi a mapira, basi. Pambali pa madenguwo panali Ngaka mwini wake, atadzipinda, mapewa akugwedezeka. Anali kulira.

Ngaka anatulutsa mutu. "Mwabwera kudzaba, mayi Gologolo?"

"Ndinabweradi kudzaba, bambo, koma ndikuona kuti ena andiyambira kale."

"Palibe wakuba muno. Ng'anjo ndiyo yadya. Moto uliwonse umadya zambiri kuposa zimene umabweza, ndipo ine ndakhala ndikuthira mchenga kuti nkhokwe izilira bwino."

"Nanga mchengawo mudzatilipira nawo?"

"Sizifika pamenepo. Mvula yoyamba ikadzangogwa, ndidzatenga nyundo n'kugumula ng'anjo ndi manja angawa, kenako ndidzapita kumene sandidziwa. Sindingapirire kuona ng'anjo ya makolo anga itazizira, abuluzi akuotheramo dzuwa."

Gologolo anayamba kuganiza za iye mwini. Ng'anjo ikagumuka ndiye kuti kulibenso makasu, ndipo popanda makasu iye akanasenza chiyani, ana ake akanadya chiyani? Komanso, tinene zoona, zinamukhudza kuona nyama yaikulu ikulira ngati mwana.

"Auzeni anzanga aja, bambo. Akulu anati mukabisa matenda, maliro tidzamva."

"Ndiwauze? Athawa tsiku lomwelo! Wantchito amakhala pamene pakununkhira chakudya. Ayi, mayi. Lumbirani pa ng'anjo kuti pakamwa panu sipadzatchula zimene mwaona muno, nanenso sindiuza aliyense kuti ndakupezani mukuba."

Gologolo analumbira. Akanachitanso bwanji, atagwidwa ali m'nkhokwe ya mwini? Koma akutsika anali akuganiza kale. Anati, ndalumbira kuti pakamwa panga sipadzanena, koma sindinalumbire kuti maso awo sadzaona.

M'mawa mwake anaitana anzake pambali. "Achimwene, mvula ili pafupi ndipo denga la nkhokwe ya a Ngaka laola. Mapira akanyowa tivutika ndife. Tiyeni tiwalukire denga latsopano, likhale mphatso. Tikakafika tingonyamula lakalelo n'kuikapo lathu."

Nyani anaseka. "Ndipo potukula lakalelo tisuzumiramo! Mlongo, mutu wanuwu ndi waung'ono koma muli zinthu."

Analuka denga masiku awiri, analisenza onse anayi, akuimba nyimbo ija ya nkhokwe ya pakati, ovomera akufunsa za mzamba mokweza kuposa kale. Ngaka atawaona akubwera anakwera msanga n'kudzipinda pansonga penipeni pa denga lakale.

"Tsikani, bambo, takubweretserani mphatso!"

"Zikomo, ana anga, koma denga ili anafolera bambo anga. Silichoka ine ndili moyo."

"Likudontha!"

"Lizidontha. Ikani lanulo pamwamba pake."

Anaikadi denga pamwamba pa denga, nkhokwe n'kuoneka ngati yavala zipewa ziwiri. Pobwerera Njiri analavula malovu. "Mwaona? Nyama siikakamira chotero pa nkhokwe yopanda kanthu. Muli chuma choopsa m'menemo."

Gologolo anadziluma lilime. Nzeru zake zinali zitangowonjezera matenda.

Anayesanso. Popita kumidzi anapempha kwa Nkhuku mapira ofumbwa, anasankhamo anankafumbwe odzaza chigoba, n'kudzawamwaza m'munsi mwa nkhokwe ndi m'khoma mwake. Kenako anakuwa ngati waona njoka.

"Mayo! Tathedwa! Anankafumbwe alowa m'nkhokwe! Thamangani, titulutse mapira onse tiwayanike padzuwa asanasanduke ufa!"

Njiri, Nungu ndi Nyani anafika ndi mphasa zoyanikira, Nyani akung'ung'udza kale nyimbo ija pansipansi, enawo akuvomera ndi mphuno. Koma Gologolo anali ataiwala kanthu kamodzi, ndipo ochenjera amaiwala kanthu kamodzi nthawi zonse. Ngaka ndi nyama yodya tizilombo. Anafika, anayang'ana, anatulutsa lilime lake lija lotalika ngati lamba, n'kunyambita khoma lonse kuyambira pansi mpaka pamwamba. Sipanatsale nankafumbwe ndi mmodzi yemwe.

"Atha," anatero Ngaka akudzipukuta pakamwa. "Bwererani ku ntchito." Podutsa pafupi ndi Gologolo ananong'ona kuti, "Ndikukuonani, mayi. Koma zikomo chifukwa cha chakudya."

Masiku amenewo mitambo inali itayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo. Gologolo ankaiyang'ana mtima uli m'mwamba. Anakhala pansi n'kudzifunsa kuti walakwitsa pati, ndipo anaona kuti kawiri konse ankalimbana ndi khoma la nkhokwe, pamene chomata chenicheni chinali m'makutu mwa mwini wake. Paja wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Anapita kwa Ngaka ali yekha. "Bambo, ine ndasiya zija. Koma ndikuuzeni, si inu nokha muli ndi chinsinsi pano. Anzanga aja ali nacho chawo, ndipo amachikamba masana pansi pa mkuyu, inu mukachoka."

Ngaka anatong'ola maso. "Chinsinsi chanji? Akufuna kundibera?"

"Ine pakamwa panga mwapamanga kale, sipatchulanso zinsinsi za eni. Kadzimvereni nokha. Mukadzipinda mumaoneka ngati mwala. Ndikupakani matope ndi phulusa, mukhale pamthunzi paja, ndipo musagwedezeke."

Wobisa amaopa obisa anzake kuposa chilichonse, choncho Ngaka anavomera. Gologolo anamupaka bwinobwino mpaka mamba onse anabisika. Masana atakwana antchito anafika ndi chakudya chawo, ndipo Njiri ataona mwala watsopano wosalala anati, "Uwu wandidikira ine," n'kukhalapo ndi thupi lake lonse.

Gologolo anayamba ngati zocheza. "Achimwene, tiyeni tilote. M'nkhokwe muja muli madengu angati?"

"Zana," anatero Nyani.

"Mukuchepetsa," anatero Nungu. "Mazana atatu."

"Kulira kuja? Mazana asanu, osachepera," anatero Njiri akudzikanda pamwala.

"Ngati ndi choncho," anatero Gologolo, "ine ndikudabwa kuti inu a Nungu mumadzivutitsa kukwera phiri kukadula tsanya."

Nungu anaseka mpaka minga yake inachita phokoso. "Tsanya? Ndinasiya kalekale, mlongo. Mtengo uja ndi wouma, umatha nkhwangwa. Ine ndimagwetsa mitengo yofewa ya kudambo. Makala ake amayaka ngati udzu n'kutha, koma amandilipira pa dengu, ndipo dengu ndi dengu."

"Inu muli bwino," anatero Nyani. "Ine mvukuto wakumanzere unabooka chaka chatha. Theka la mphepo limathawira m'mwendo mwangamu. Ndikanena adzati ndabowola ndine, andidule mapira. Ndiye ndimangokweza nyimbo kuti asamve kutuluka kwa mphepoyo."

Onse anafa nacho chiseko. Njiri anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Zanuzo n'zachibwana. Kuseri kwa chulu chachikulu kuja ndinapeza miyala yofiira psuu, yolemera mwakuti umodzi wokha umakupinda msana. Chitsulo chokhachokha. Ndinaikwirira. Ndimabweretsa ya kumtsinje, yopepuka. Ndithyoke msana kunenepetsa nkhokwe ya wina, ine osadziwa ngakhale mtundu wa m'kati mwake?"

Asanatseke pakamwa, mwala umene anakhalira unapuma.

Njiri anauluka ngati walumidwa ndi mavu. Matope anang'aluka, phulusa linafuka, ndipo pamaso pawo mwala unatambasuka pang'onopang'ono, unatulutsa mchira, miyendo, kenako mutu. Nyani anagwa chagada. Nungu anaimika minga yonse. Ndikukuuzani, palibe anaganiza zothawa.

Ankayembekezera kuti akalipa. Ngaka sanakalipe. Anawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo m'maso mwake munali kudabwa kwa nyama imene yangodzuka kutulo ta zaka zambiri.

"Mazana asanu," anatero motsitsa. "Ine ndinkati mukamva nkhokwe ikulira mudzagwira ntchito mitima ili pansi. Kani kulira komweko ndi kumene kunkapha ng'anjo yanga? Nditsateni."

Anamutsata. Atafika pankhokwe, Ngaka anatola khasu, analikweza, n'kutema khoma limene analimata yekha zaka zonsezo. Anatema kachiwiri. Kachitatu khoma linabooka, ndipo mchenga unangoti waa! Unatuluka, unatulukabe, unakwirira mapazi awo, iwo ali chiimire kukamwa kuli yasa. Ankadikira kuti mwina pambuyo pa mchenga pabwera mapira. Panabwera mchenga wina. Pamapeto pake madengu asanu ndi limodzi aja anatsetsereka n'kudzaima pakhomo la chibowo.

"Chuma changa ndi chimenechi," anatero Ngaka. "Chanunso ndi chomwechi."

Nyani anatapa mchenga m'dzanja n'kumauyang'ana ngati sanauonepo chibadwire.

Ngaka anasalaza pansi ndi mchira, anatola timiyala, n'kuchita chimene palibe mwini ng'anjo anachitapo. Anaika timiyala tisanu ndi tinayi pamzere. "Awa ndi madengu amene moto umodzi umadya. Awiri awa ndi a makala, a Nungu. Awiri awa ndi a miyala, a Njiri. Awiri ndi a mivukuto, limodzi ndi la mayi Gologolo, limodzi ndi langa, ndipo ili ndi chakudya chathu tonse masiku anayi a moto." Kenako anaika timiyala titatu patali pang'ono. "Awa ndi amene moto umabweza masiku ano. Masiku a bambo anga, apa pankakhala khumi ndi asanu ndi limodzi."

Nungu anayang'ana mzere wautali, anayang'ana waufupi. Anayang'ananso. "Ndiye kuti makala anga ofewa aja..."

"Amazima chitsulo chisanasungunuke."

"Ndiye kuti ndimadya mbewu," anatero Nungu. "Ine ndinkati ndikutapa m'nyanja, kani ndikutapa m'chikho chomwe ndimamwera."

"Fotokozani bwino, bambo," anatero Nyani. "Khasu limodzi limabweretsa zingati?"

"Nsengwa zinayi."

Nungu anatukula mutu. "Zinayi? Mlamu wanga anagula khasu mwezi watha. Anapereka zisanu."

Maso onse anatembenukira kwa Gologolo. Ha, mayi wanzeru uja! Anatchera msampha wogwira anzake onse, osaganiza kuti nkhokwe ikatseguka kuwala kumalowa paliponse, ngakhale m'phanga la mtengo. Mchira wake unagwa pansi.

"Achimwene," anayesa, "ine ndinkakusungirani. Ndinaoneratu kuti tsiku ngati lino lidzafika."

Palibe anaseka. Manyazi anamugwira Gologolo mpaka m'makutu munatentha.

Ngaka anapumira m'mwamba. "Zonse zili poyera tsopano, zanga ndi zanu zomwe. Moto umodzi umafuna madengu asanu ndi anayi, ndipo alipo asanu ndi limodzi. Sindingakukakamizeni. Mvula yoyamba ikagwa ndidzagumula ng'anjo. Amene akufuna kupita apite, ndilibe naye mlandu."

Njiri anatembenuka n'kuchoka. Nungu anatola nkhwangwa yake, nayenso ulendo. Nyani anakatenga mivukuto yonse iwiri, anaikoleka paphewa, n'kulowera kwawo.

"Ndinakuuzani, mayi Gologolo," anatero Ngaka. Sananene mokwiya, ndipo zimenezo ndizo zinapweteka kwambiri.

Gologolo anafika kwawo ali wolefuka. Anatsegula phanga lake n'kuyang'ana madengu anayi a mapira, nsengwa zonse zija zimene anazembetsa zaka ziwiri. Ana ake anamuzungulira akufunsa chimene chachitika. Mtima wina unkati, ng'anjo yafa kale, sunga izi ana adye mpaka dzinja lithe. Koma timiyala tija tinali titakhazikika m'maso mwake. Tsopano ankadziwa kuwerenga kwake: madengu anayi adzatha mapira a m'munda asanache, ndipo akadzatha sipadzakhala khasu loti asenze. Ankadziwanso kuti pa timiyala titatu tija, kamene kanasowa kuti tikhale tinayi kanali m'phanga mwakemo. Analira pang'ono, chifukwa kubweza chimene unaba kumawawa kuposa kuberedwa.

Kutacha anayamba kukoka madengu, limodzilimodzi, ulendo kanayi. Ankati akapeza Ngaka ali yekha. Atafika ndi dengu loyamba anaima chilili.

Pafupi ndi ng'anjo panali mulu wa miyala yofiira psuu, ndipo Njiri anali kubwera ndi ina, mphuno ndi minyanga zili zofiira, msana utapindika. Pamthunzi panali Nyani, atayala mvukuto pamiyendo, akusoka chigamba ndi chikopa cha ng'oma yake yomwe. Kuphiri kunali kufuka utsi, ndipo kunkamveka nkhwangwa ikulimbana ndi mtengo wouma. Ngaka anali ataima pakati pa bwalo, akutembenuka uku ndi uku ngati mlendo pakhomo pake pomwe.

"Sanathawe," ankangoti. "Mayi Gologolo, aona mchenga ndi maso awo, koma sanathawe."

"Tithawire kuti?" anatero Njiri akutula miyala. "Kale ndinkakumbira nkhokwe yanu. Lero ndikudziwa kuti mwala uwu ndi timiyala tingati pamzere paja." Anaona Gologolo ndi dengu lake, n'kupukusa mutu. "Osunga athu afika. Alipo angati?"

"Anayi, achimwene."

"Ikani apo poonekera, pamodzi ndi enawo. Tiziwaona tonse."

Makala a tsanya anatenga masiku asanu kuti apse, ndipo masiku onsewo mitambo inkada n'kumagunda chapatali. Nungu anatsika nawo kuphiri manja ali matuza okhaokha. Anali makala olemera, olira ngati mbale ukawagwetsa. Popakira m'ng'anjo panabuka mikangano imene sinamvekepo pamalo amenewo. Ngaka anafuna kuthira miyala yambiri nthawi imodzi, Nungu n'kumugwira dzanja.

"Ayi, bambo! Mutsamwitsa moto, makala anga apite pachabe. Thirani pang'onopang'ono."

Ngaka anamuyang'ana, anayang'ana dzanja limene lamugwira, n'kuthira pang'onopang'ono.

Anayatsa moto. Nyani anagwira mivukuto, ndipo mphepo yonse inalowa kumene imayenera kulowa. Tsiku loyamba ng'anjo inafuka utsi wakuda. Tsiku lachiwiri utsi unatha, ndipo inayamba kulira ndi mawu amene achinyamata a m'dzikomo anali asanawamvepo, mawu a pansi, omveka m'chifuwa musanawamve m'makutu. Nyani manja atatopa, Njiri anakhala pa mivukuto. Njiri atatopa anakhalapo Nungu, kenako Ngaka mwini wake, ndipo ngakhale Gologolo ankadumphira pachikopa ndi thupi lonse kuti mphepo isaduke. Nyimbo ija inabweranso, maimbidwe ake omwewo, koma sinkanenanso za nkhokwe. Nyani ankaimbira ng'anjo ngati mayi amene nthawi yake yakwana, ndipo ovomera sankafunsanso za mzamba. Ankayankha kuti azamba afika, ali asanu, mayi alimbe mtima.

Tsiku lachitatu lawi linasintha mtundu. Linasiya kufiira, linayera, kenako linabiriwira ngati khosi la njiwa, litaima njo pamwamba pa ng'anjo osagwedezeka. Nyama za m'midzi zinabwera n'kuima patali, zikuluzikulu zomwe, Njati ndi Mvuu. Nyama ina yokalamba inagwada. Inati lawi limenelo inaliona kamodzi ili mwana, ndipo inkayesa kuti linapita ndi akale.

M'mawa wa tsiku lachinayi kunja kunada bii ndi mitambo. Ngaka anakweza dzanja, mivukuto inaima, ndipo kunagwa bata loti mukanamva nyerere ikuyenda. Anatenga mtengo wosongoka n'kuboola pakamwa pa ng'anjo. Chiphalaphala cha miyala yopsa chinatuluka chikuwala, chikuyenda pansi ngati uchi, onse n'kubwerera m'mbuyo ataphimba nkhope. Kenako analowetsa mitengo, onse asanu, n'kukoka. Chimene chinali m'katimo chinakana. Anakokanso, Njiri akubuula, ndipo chinagubuduka n'kugwera pabwalo.

Chinali chitsulo chachikulu kuposa Njiri mwini wake, chofiira, chikuthetheka, mpweya ukuvina pamwamba pake. Anachizungulira. Chimenechi chinali miyala ija Njiri anakwirira, makala aja Nungu ankawathawa, mphepo ija inkathawira m'mwendo mwa Nyani, ndi mapira a m'phanga la mtengo. Zonsezo zinali pomwepo zaka zonsezi, m'manja mwa nyama zisanu zimene zinkadyera pamodzi tsiku ndi tsiku. Ine pano ndikamaganiza zimenezi tsitsi limandiimirira.

Ngaka anatenga nyundo ya makolo ake n'kumenya kamodzi. Chitsulo chinalira kuti ngwee! Kulirako kunapita kutali, kunakagunda phiri n'kubwerera.

"Makasu makumi anayi," ananong'ona Nyani.

"Makumi asanu," anatero Njiri, misozi ikutsika m'minyanga.

Pomwepo dontho linagwera pachitsulo n'kulira kuti tswii. Linagwa lachiwiri, lachitatu. Mvula yoyamba inali itafika, ndipo nyundo inali m'manja mwa Ngaka.

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kung'anjo. Onse anakumbukira mawu ake, ndipo Gologolo anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ngaka anafika, anaizungulira pang'onopang'ono mvula ikumumenya pamsana, n'kuima kuseri kwake. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika nyundo pansi.

"Yang'aluka apa," anatero. "Moto unali waukulu. A Njiri, dongo labwino lomatira lili kuti? Inu mukudziwa kuposa ine."

"Kudambo, bambo. Mawa m'mawa likhala lili pano."

"Mawa ndi mawa," anakuwa Gologolo. "Lero inyowe tikuyang'ana? Thamangani, kazuleni madenga aja pankhokwe, onse awiri!"

Anathamanga onse asanu, mwini ng'anjo ali patsogolo, ndipo denga limene anafolera bambo ake analitukula yekha ndi mapewa ake, kuti akafunditse ng'anjo isalowe madzi.

Yanga yathera pamenepa. Amene munakwirira mbatata paphulusa kaphuleni, ndipo muzibweretse poyera tione kuti zilipo zingati.